Zomwe tapeza pa magazi a bambo

Zikomo nonse amene munandiyankha mwezi watha. Ndinkafunsa chifukwa chake bambo amamva kuthina pachifuwa akamakwera chitunda kuno ku Ulongwe, pomwe kolesterol (mafuta a m'magazi) yawo yonse inali 195 basi, nambala yooneka ngati yabwinobwino.

Tinatsata malangizo a mayi wina mwa inu amene anati tikayezetse mitundu ya kolesterol payokhapayokha. Tinapita mu mzinda wa Tete m'mamawa, bambo asanalawe kanthu, akudandaula za tiyi njira yonse. LDL (kolesterol yoipa) inapezeka 125, HDL (kolesterol yabwino) 30, matrigliseridi (mtundu wina wa mafuta a m'magazi) 200. Adokotala anati HDL ikatsika chonchi matrigliseridi atakwera, kawirikawiri tizigawo ta LDL timakhala ting'onoting'ono, ndipo timalowerera mosavuta m'makoma a mitsempha ya mtima. Nambala ya kolesterol yonse ija, 195, inatinyenga ndithu.

Koma magazi sanena kuti mtsempha watsekeka motani. Anawayeza ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima), ndipo akuti pafunikanso angiografia (kujambula mitsempha ya mtima). Pakadali pano akumwa atorvastatin, mankhwala otsitsa kolesterol; LDL ikufunika itsike pansi pa 70.

Chovuta ndi tchipisi cha pachiwaya, achisiya mokakamiza. Mukapita kukayezetsa, funsani ngati pakufunika kusala kudya, ndipo tengani pepala la zotsatira zakale.