Kodi Rpd3 imachedwetsa ma origin mwachindunji, kapena nkhani yagona pa rDNA?

Akuluakulu a pagulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwagwirapo ntchito ndi yisiti ya Saccharomyces cerevisiae, chifukwa zotsatira ndili nazo m'manja koma tanthauzo lake likundikayikitsa.

Ndikufufuza chifukwa chimene malo ena oyambira kukopera DNA, amene timawatcha ma origin, amayamba ntchito S phase (nthawi imene maselo amakopera DNA yawo) ikangoyamba pamene ena amadikira mpaka chakumapeto, ngakhale kuti onse amakhala atalandira kale MCM (mapuloteni otsegula DNA kuti ikopedwe) nthawi ya G1, yomwe imabwera S phase isanayambe. Ndikuyerekeza ma origin awiri: ARS607, yomwe imafulumira, ndi ARS603, yomwe imachedwa, ndipo ziwirizi zili pa chromosome VI. Maselo ndimawaimitsa mu G1 ndi alpha-factor mpaka ambiri atatulutsa kansonga mbali imodzi ndikawayang'ana pa maikulosikopu, kenako ndimawatsuka n'kuwamasula mu hydroxyurea ya 200 mM (mankhwala ochedwetsa kukopera DNA) pamodzi ndi BrdU, chizindikiro chimene chimalowa mu DNA yongokopedwa kumene. Mu yisiti yabwinobwino ARS603 imangokhala chete, koma mu imene ndinachotsamo RPD3 (jini ya puloteni ya Rpd3) ikuonetsa BrdU mosakayikitsa, ndipo ndabwereza katatu.

Aphunzitsi amene akundiyang'anira akuti nkhani yatha pamenepo. Rpd3 imachotsa acetyl pa michira ya histone H3 ndi H4, mapuloteni amene DNA imakulungidwapo, choncho ikasowa chromatin (DNA pamodzi ndi ma histone) imamasuka ndipo mapuloteni oyambitsa ntchito amafika pa origin mosavuta. Sindikuwatsutsa mwachipongwe, pakuti gulu la Michael Grunstein linapeza zofanana mu 2002, ndipo linasonyezanso kuti kumangirira Gcn5, puloteni yoika acetyl, pafupi ndi origin yochedwa kumaifulumizitsa. Chondisowetsa mtendere ndi ntchito ya gulu la Philippe Pasero ya mu 2014, imene inasonyeza kuti Rpd3 ndi Sir2 (puloteni inanso yochotsa acetyl) zimalamulira ma origin a mu rDNA, chigawo cha DNA chokhala ndi majini a RNA ya ma ribosome, ndipo kuti zimene timaona kwina zingathe kukhala chithunzithunzi chabe cha zochitika kumeneko. Kodi ndingasiyanitse bwanji ziwirizi ndisanalembe kuti acetyl ya pa ARS603 ndiyo yachititsa?

Yankho loyamba

Mwachita bwino kukayikira, mnzanga. Kumbukirani kuti Sld2, Sld3, Dpb11, Dbf4 ndi Cdc45, zomwe ndi mapuloteni oyambitsa ntchito pa origin, zimakhala zochepa poyerekeza ndi ma origin pafupifupi 400 amene ali pa ma chromosome 16, ndipo zinaonetsedwa mu 2011 kuti kuchulukitsa mapuloteni oterewa kumadzutsa msanga ma origin ochedwa. Ma origin onse akulimbirana chakudya cha m'mbale imodzi. Tsono rDNA, pa chromosome XII, ili ndi zigawo zobwerezabwereza pafupifupi 150, chilichonse ndi origin yakeyake, kotero ikadya pang'ono chifukwa chosowa Rpd3, zotsala zimakwanira ARS603 ngakhale chromatin yake itakhala yosasintha. Sir2 ikasowa zimatembenuka: ma origin a rDNA amadzuka ambiri, ndipo ofulumira a kwina amafooka.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi chinthu chotsika mtengo, chomwe ndi kuwerenga ndi qPCR (njira yoyezera kuchuluka kwa DNA) kuchuluka kwa zigawo za rDNA m'mitundu yanu iwiriyo, chifukwa chiwerengerochi chimasinthasintha mwakachetechete yisiti ikasungidwa nthawi yaitali. Pambuyo pake yesani ChIP (njira yoonera mapuloteni amene ali pa malo ena a DNA) ya H3 ndi H4 zokhala ndi acetyl pa ARS603 peniyeni, maselo akadali mu G1, popeza nthawi yochedwayo imakhazikitsidwa mu G1. Umboni wamphamvu kwenikweni ungabwere mutachotsa RPD3 mu yisiti imene rDNA yake yafupikitsidwa kwambiri. ARS603 ikapitiriza kusiyana pakati pa mitundu iwiriyo, aphunzitsi anu ali ndi poimira.

Yankho lachiwiri

Ine nkhawa yanga ili pa hydroxyurea. Mankhwalawa amachepetsa dNTP (zomangira DNA) ndi kudzutsa puloteni yolondera ya Rad53, yomwe imatsekereza Sld3 ndi Dbf4, ndiye chimene mukuyeza ndi origin imene yazemba chipata chisanatsekedwe, osati mphindi imene imayambira. Komanso kuchotsa RPD3 kumasintha kagwiridwe ka ntchito ka majini ambiri, motero muyenera kutsimikiza kuti Rad53 ikudzuka mofanana ndiponso kuti mitundu yonse ikutuluka mu G1 nthawi imodzi. Tengani zitsanzo mphindi zisanu zilizonse popanda hydroxyurea, muwerenge maselo amene aphukira, ndipo muyeze kuchuluka kwa DNA m'maselo ndi makina a flow cytometry. Musasakanizemo ARS501 ngati chitsanzo cha origin yochedwa, chifukwa ili pafupi ndi telomere (nsonga ya chromosome), kumene mapuloteni ena, Sir3 ndiponso Rif1 ndi Glc7, ali ndi mawu awoawo.

Mwini funso

Zikomo nonse awiri. Ndavomereza kuti rDNA sindinaiwerengepo, ndipo yisiti yopanda RPD3 ndinaitengera mufiriji ya labotale osadziwa kuti inadutsa m'manja angati. Mawa ndiyamba ndi qPCR, kenako ndichotsenso RPD3 mwatsopano mu yisiti yabwinobwino yomweyo kuti ziwirizi zichokere kumodzi. Chatsala n'chakuti, pa kuyesa kopanda hydroxyurea, kodi ndiwamasule pa 23°C kuti S phase italikeko, kapena ndisasinthe 30°C imene ndakhala ndikugwiritsa ntchito kuti zotsatira zifanane ndi zakale?