Thandizeni pa "turn out" ndi "play out"

Moni nonse aphunzitsi anzanga. Ndimaphunzitsa Chingerezi Fomu 4 kuno ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, ndipo mawu awiri andiimitsa mutu: "turn out" ndi "play out".

Ophunzira alemba chimangirizo cha madzi osefukira a namondwe Freddy a mu Malichi 2023. Wina walemba "The rumour about the bridge turned out to be false". Ichi ndachonga, chifukwa "turn out" amanena za mathero, makamaka zikatha mosiyana ndi zimene anthu amayembekezera. Ambiri alemba "It was turned out that", ndipo ndawauza kuti achotse "was", poti pa tanthauzo ili palibe wochitiridwa kanthu.

Chandivuta ndi ichi: "We watched how the disaster turned out over three days". Mwanayu akufotokoza Shire akudzaza pang'onopang'ono, minda yakudimba ikumira, anthu akusamukira kumtunda. Apa ndikuona kuti pakufunika "played out", chifukwa akunena za kayendedwe ka zinthu, osati pothera pake.

Ndayang'ana m'dikishonale ziwiri, ndafufuza m'mapepala akale a MSCE, ndafunsanso anzanga a ku Nchalo ndi ku Bangula, koma tagawanika pakati.

Ndiye ndithandizeni: chiganizochi ndichitenge ngati cholakwa, kapena n'chololedwa? Nanga "pan out", mawu ena ofanana tanthauzo ndi "turn out", ndingawalole m'chimangirizo cha mayeso, kapena ndi mawu ongochezera? Sindikufuna kumulanda mwana malikisi popanda chifukwa.