Bambo a kunyumba akufuna kutcheza kachasu chifukwa cha za pa TV

Admin, chonde ndibiseni dzina.

Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo a kunyumba ntchito inawathera, ndiye kutacha kutada ali pa Discovery kuonera Moonshiners. Mumaoneka azibambo andevu a kumapiri a Virginia, Tennessee ndi North Carolina ku America akutcheza mowa wa chimanga m'nkhalango, uku akuzemba apolisi. Ndi kachasu yemweyu, kungoti miphika yawo ndi yakopa, pomwe agogo anga ankatchezera mumbiya. Dzana ndangoona mgolo, paipi ndi thumba la madeya kuseri kwa nyumba. Nyumba yake ya lendi! Akuti azungu akulemera nazo, ife manyazi a chiyani. Sanatchezepo chibadwire, ndipo ndili ndi ana awiri oyendayenda pakhomo. Ndiwauze bwanji osaoneka ngati ndikuwanyoza poti sali pantchito? Kapena ndikatule kwa ankhoswe?

Mayankho

Mayi, afunseni funso limodzi lokha: munthu wobisala amaitana makamera? Pulogalamuyi inayamba mu 2011, ndipo nthawi yomweyo akuluakulu oona za mowa ku Virginia ananena poyera kuti ndi sewero chabe, kukanakhala kuti akutchezadi mowa wosaloledwa akanawagwira. Tim Smith, mmodzi mwa otcheza a m'pulogalamuyi, anakatenga chiphaso, mowa wake wa Climax umagulitsidwa m'masitolo. Amene ankachita zenizeni ndi Popcorn Sutton, wotcheza wina wotchuka wa kumapiri komweko. Mu 2009 khoti linamulamula kukakhala kundende miyezi 18, ndipo anadzipha asanakalowe.

Amayi anga anatiphunzitsa sukulu ndi ndalama za kachasu, choncho sindingayinyoze ntchitoyi. Koma achemwali, chimene TV sionetsa ndi pakhomo. Makasitomala amafika mmamawa ana asanapite kusukulu, ena amagona pakhonde, ngongole osabweza, ndewu tsiku ndi tsiku. Utsi ndi fungo la madeya owola simungazibise, eni nyumba adziwa sabata yomweyo. Komanso mutu wa kachasu si woseweretsa, wophunzira kumene atha kupweteka nawo anthu.

Kwa ankhoswe musathamangireko, muwachititsa manyazi pachabe. Bambowo chikuwawawa ndi kukhala manja lende. Madeya agula kalewo, bwanji osawauza za nkhuku?

Mwini funso: Zikomo nonse. Za nkhukuzo ndinayesa dzulo, anangoti nkhuku zilibe pulogalamu pa TV. Madzulo ano ndiwaonetsa za Popcorn Sutton, ndidzakuuzani mmene zithere.