Kodi ndaumira kapena ndasamalira banja?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni maganizo pa nkhani yomwe yandisowetsa tulo.

Kwa zaka zitatu ndakhala ndikusunga kangachepe kuti mwana wanga woyamba adzapitirize maphunziro. Sabata yatha kunyumba kunabwera mayi wina wamasiye wa kumpingo kwathu, mwana wawo ali m'chipatala. Anakhala pakhonde akupotokola kampango m'manja, chomwe adzera osachitchula. Ndinawapatsa pang'ono chabe. Atapita ndinatsegula kabuku komwe ndimalembamo ndalama zija, ndipo manyazi anandigwira.

Chondizunguza mutu ndi ichi. Pa Marko 10:21 Yesu anauza munthu wachuma uja kuti agulitse zonse apatse aumphawi, iye n'kuchoka ali wachisoni. Koma Zakeyu pa Luka 19:8 analonjeza theka la chuma chake, Yesu n'kunena kuti chipulumutso chafika panyumbapo. Nanga Petro pa Machitidwe 5:4, suja anauza Hananiya kuti munda unali wake, ngakhalenso ndalama zake ataugulitsa? Komanso 1 Timoteyo 5:8 imadzudzula kwambiri munthu wosasamalira a m'banja lake.

Ine si wolemera ayi, koma pamaso pa mayi aja ndili nazo. Mwina vesi ya Timoteyoyi ndangoipezerapo pothawira.

Kodi mawu oti gulitsa zonse anali a munthu mmodzi uja, kapena a ophunzira tonsefe? Inu amene muli ndi ana, mumadziwa bwanji kuti apa ndasamalira banja, apa ndaumira? Akunyumba akuti tipereke theka la ndalamazo, ine mtima ukadali pawiri, pomwe mwana uja akadali m'chipatala.