Mafuta a MCT kwa wodwala kapamba: ngoyenera kugula kapena ndi malonda chabe?

Jere: Otsatsa mafuta a MCT (medium-chain triglycerides, mafuta a tizigawo tifupitifupi) achuluka pa Facebook ndi pa TikTok, ndipo ena akulemba kuti awa ndiwo mafuta okhawo amene munthu wodwala pancreatitis (kutupa kwa kapamba) angadye osavutika. Botolo lake si lotchipa. Inu odziwa za nkhaniyi, tiuzeni: munthu amene kapamba wake anatupa, kapena wakhala akutupatupa kwa zaka, apite akaguledi?

Nabanda: Tiyambe tawasiyanitsa odwalawo, a Jere, chifukwa yankho lake si limodzi. Alipo amene kapamba anangotupa kamodzi mwadzidzidzi, kawirikawiri chifukwa cha timiyala ta m'ndulu kapena mowa, anagonekedwa masiku angapo n'kuchira. Ameneyu akasiya kusanza ndipo njala ikayamba kumugwira, amayamba ndi zakudya zofewa zamafuta ochepa, kenako pang'onopang'ono amabwerera ku chakudya cha masiku onse. Kapamba wake nthawi zambiri amayambiranso ntchito bwinobwino. Botolo la MCT kwa iyeyu ndi ndalama zotaya. Chomuteteza ndi kuchotsa ndulu ngati timiyala ndito tinayambitsa, kapena kuusiyiratu mowa.

Nkhani imasintha pa matenda a kapamba amgonagona. Apa kapamba amachita zipsera, amauma, ndipo madzi ogaya chakudya amene amatumiza m'matumbo amachepa. Enzaimu yogaya mafuta, lipase, ndiyo imayamba kuperewera. Ikatsika kufika pansi pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mlingo wake, mafuta amangodutsa osagayika. Chimbudzi chimakhala chotuwa, chonona, chonunkha kwambiri, choyandama, madzi akathiridwa sichichoka msanga. Munthu amadya koma akuwondabe. Ngati pali wofunsa za MCT moyenera ndi ameneyu.

Mwale: Ndipo kwa ameneyo ine ndikuti agule. Tamvani chifukwa chake. Mafuta wamba ophikira, a nyama, a mkaka, tizigawo take ndi titalititali. Kuti alowe m'thupi amafunika ndulu iwaphwanye kukhala timadontho, lipase iwadule, kenako akulungidwe m'timatumba timene timadutsira m'mitsempha ya lymph (madzi oyera a m'thupi) tisanafike m'magazi. MCT tizigawo take ndi tifupitifupi, makamaka mitundu yotchedwa C8 ndi C10 (nambalayo ikusonyeza kutalika kwa kachigawo). Amadulika mosavuta ngakhale lipase itachepa, sadalira ndulu kwambiri, ndipo amalowa molunjika mumtsempha wopita kuchiwindi. Galamu imodzi imapereka makalori pafupifupi 8.3, pamene mafuta wamba amapereka 9. Supuni yaikulu imodzi, ya mamililita 15, ili ndi makalori opitirira pang'ono 100. Munthu amene akutha thupi ndipo sangamalize mbale yaikulu, masupuni atatu patsiku ndi makalori oposa 300 osawonjezera kudzaza mimba. Chimenecho si chinthu chochepa.

Nabanda: Zonse mwanenazo ndi zoona, a Mwale, koma mwalumpha sitepe. Munthu wa chimbudzi chamafuta chinthu choyamba si kumusinthira mafuta, ndi kumubwezera lipase imene ikusowayo. Makapisozi a pancreatin (ma enzaimu a kapamba) olembedwa ndi dokotala, monga Creon, ndiwo mankhwala ake. Akawamwa moyenera amagaya mafuta wamba, mapuloteni ndi sitachi yemwe. MCT amangopereka makalori, sagaya kanthu. Nyama, mazira ndi zina zonse zimene wadya zipitirizabe kudutsa osagayika mokwanira. Malangizo a mu 2020 a ESPEN, bungwe la ku Ulaya la akatswiri a zakudya za odwala, amaika MCT kumapeto: ayesedwe pokhapokha ma enzaimu aperekedwa mokwanira koma vuto likupitirira. Malangizo omwewo amanena kuti wodwala kapamba wamgonagona asamanidwe mafuta pokhapokha ngati chimbudzi chamafuta chalephereka kuletsa. Chizolowezi chakale chouza aliyense kuti "mafuta ayi" chawondetsa anthu ambiri pachabe.

Jere: Komatu alipo amene akumwa kale makapisoziwo koma akutsegulabe m'mimba. Amenewo ndiye sagula?

Nankhoma: Asanagule aone kaye kamwedwe kawo, chifukwa ambiri amene amati ma enzaimu sakugwira amakhala akulakwitsa apa.

Mlingo. Kwa wamkulu madokotala amayambira pa mayunitsi a lipase 40,000 mpaka 50,000 pa chakudya chachikulu, ndi theka lake pa chakudya chapakati. Kapisozi imodzi imatha kukhala ya 10,000 kapena 25,000. Ndiye munthu amene akumwa kamodzi ka 10,000 pa chakudya chamasana ali kutali kwambiri ndi mlingo. Werengani nambala ili pabokosi. Chakudya chikanona kwambiri mlingo umakwera, koma wokweza ndi dokotala, ndipo pali malire a mayunitsi 10,000 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku.

Nthawi. Kapisozi imezedwe pamodzi ndi chakudya, poyamba penipeni. Ngati ndi awiri kapena atatu, imodzi poyamba, ina pakati. Kumwa theka la ola musanadye kapena mutamaliza kale n'kutsuka mbale ndi kuwononga mankhwala, chifukwa ma enzaimu ayenera kuyenda limodzi ndi chakudyacho. Chakudya chikatenga nthawi yaitali, onjezerani ina pakati.

M'kati mwa kapisozi muli timibulu tokutidwa kuti asidi wa m'chifu asationonge. Chokutiracho chimasungunuka chikafika m'matumbo momwe asidi wachepa. Mukatafuna kapena kusinja timibuluto, lipase imafera m'chifu, ndiponso m'kamwa mumachita zilonda. Amene sangameze atsegule kapisozi, athire timibulu pa supuni ya chinthu chozizira chowawasa pang'ono monga yogati kapena apulo wosinja, ameze osatafuna, atsatize madzi. Osamwera tiyi wotentha. Osasiya botolo m'galimoto yotentha kapena pafupi ndi moto. Ma enzaimu ndi mapuloteni, kutentha kumawapha.

China chimene anthu sachidziwa: kapamba wathanzi amatulutsanso madzi ozimitsa asidi wochokera m'chifu. Akadwala, m'matumbo mumakhala asidi wambiri, chokutira chija chimachedwa kusungunuka, ma enzaimu amatuluka chakudya chitapita kale. Apa dokotala amawonjezera mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole. Zikakanikabe amafufuza zina, monga kuchulukana kwa mabakiteriya m'matumbo aang'ono. Zonsezi zikachitika koma sikelo ikutsikabe, apo ndiye tikambe za botolo la a Mwale.

Mwale: Sindikutsutsa dongosolo limenelo, a Nankhoma. Koma mukulankhula ngati makapisozi amapezeka nthawi zonse. M'mayiko angapo akhala akusowa m'mafamase miyezi yambiri, ndipo kwina mtengo wake ngosapiririka. Munthu amene akugawa makapisozi ochepa kuti afike kumapeto kwa mwezi, kusintha gawo la mafuta ake kukhala MCT kumamuthandiza kuti asagwe thupi. Komanso pancreatin amapangidwa kuchokera ku kapamba wa nkhumba, ndipo alipo amene amavutika nazo mumtima chifukwa cha chipembedzo.

Nabanda: Pa kusowa kwa mankhwala ndikuvomera, ngati njira yodikirira. Pa za nkhumba, wodwala akambirane ndi dokotala komanso atsogoleri ake achipembedzo, chifukwa ambiri amalola mankhwala otere pamene palibe cholowa m'malo. MCT sangalowe m'malo mwa enzaimu.

Gondwe: Pali gulu lachitatu limene simunalitchule, ndipo ndi kumene mafutawa ali ndi ntchito yooneka. Anthu ena kapamba amatupa chifukwa cha mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides. Chiopsezo chimakula akapitirira 1,000 mg/dL, kapena kuti pafupifupi 11 mmol/L. Ena ndi chibadwa: thupi lawo silitha kuchotsa m'magazi timatumba tamafuta tija a Mwale anatchula. Amenewa amauzidwa kudya mafuta wamba ochepa zedi, nthawi zina magalamu 20 okha patsiku. Taganizani, supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili kale ndi magalamu pafupifupi 14, ndipo chikasu cha dzira limodzi chili ndi 5. Chakudya chotere chimasiya munthu wopanda mphamvu. MCT sapanga timatumba timeneto, ndiye amabwezeretsa makalori osakweza chiopsezo mofanana ndi mafuta ena. Apa ndinganene kuti agule, koma katswiri wa zakudya ndiye awerengere mlingo, ndipo magazi aziyezedwa. Shuga, zakumwa zotsekemera ndi mowa zimakwezanso triglycerides, ndiye botolo silithandiza ngati zimenezo zikupitirira.

Jere: Nanga mafuta a kokonati? Otsatsa ena akuti ndi chimodzimodzi, ndipo ngotsikirako mtengo.

Nankhoma: Ayi, apo pali msampha. Pafupifupi theka la mafuta a kokonati ndi lauric acid, C12. M'mabuku amaiika m'gulu la MCT, koma m'mimba yambiri imayenda njira ya mafuta wamba, imafuna lipase ndi ndulu. C8 ndi C10 mu kokonati ndi pafupifupi 15 pa 100 basi. Wodwala akathira masupuni a kokonati akuganiza kuti ndi mankhwala, amangodziwonjezera kutsegula m'mimba. Ngakhale pa botolo lolembedwa MCT, tembenuzani muwerenge kumbuyo. Pakhale caprylic acid (C8) ndi capric acid (C10), ndi magalamu ake. Ngati lauric ndiyo yachuluka, libwezeni pashelufu. MCT waufa nthawi zambiri amasakaniza ndi maltodextrin (ufa wochokera ku sitachi) kapena zinthu za mkaka. Wa shuga asamale nazo, poti ambiri odwala kapamba kwa nthawi yaitali amadzadwalanso shuga.

Gondwe: Ndipo amene wagula adziwe kagwiritsidwe kake, apo ayi botolo lithera m'kabati. Kuyamba ndi supuni yaikulu yodzaza m'mimba mopanda kanthu kumabweretsa kupotokola, mseru ndi kutsegula m'mimba pasanathe ola. Yambani ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, mamililita 5, kosakaniza m'chakudya, kamodzi patsiku. Pakatha masiku atatu kapena anayi popanda vuto, kawiri patsiku, kenako katatu. Mukwere mpaka supuni yaikulu pa chakudya chachikulu chilichonse. Kupitirira magalamu 50 patsiku ambiri mimba imakana. Mimba ikawawa, bwererani pa mlingo wapitawo, musakakamize.

Osakazingira. Amayamba kufuka pa kutentha kochepa, cha m'ma 160 digiri Celsius, ndipo akapsa amawawa. Thirani m'supu, m'phala, mu mbatata zosinja kapena pa masamba mutatereka kale. Alibe fungo kapena kukoma kwenikweni, ndiye amabisika mosavuta m'chakudya.

Nabanda: Ndiwonjezere za amene sayenera kuwayandikira popanda dokotala. MCT amapita molunjika kuchiwindi. Amene kapamba wake anawonongeka ndi mowa kawirikawiri chiwindi chakenso chinakhudzidwa, ndipo pa chiwindi chouma mafutawa akhoza kuunjikana m'magazi. Winanso ndi wa shuga wosalamulirika wodalira insulini, chifukwa MCT amachulukitsa ma ketone, asidi amene chiwindi chimapanga kuchokera ku mafuta. Ndipo asaiwalike kuti MCT alibe mafuta aja ofunikira amene thupi silingapange lokha, a omega-3 ndi omega-6. Amene wataya mafuta ena onse n'kutsala ndi MCT yekha, patapita miyezi khungu limauma n'kumasuwa. Mavitamini A, D, E ndi K nawonso amalowa ndi mafuta, ndipo pa matendawa amaperewera mosavuta. Vitamini D akachepa mafupa amafooka. Ayezedwe magazi kamodzi pachaka, ndipo kuyeza mafupa nakonso nkofunika.

Jere: Ndiye ngati ndalama ndi zochepa, ndipo m'sitolo muli botolo la MCT ndi botolo la ma enzaimu ogula popanda chikalata cha dokotala, chabwino nchiti?

Nankhoma: Lachiwirilo ndiye lisiyeni kaye. Ambiri mwa amenewo ndi a bromelain wa m'nanazi ndi papain wa m'papaya, amene amagaya mapuloteni, osati mafuta. Lipase ikakhalamo imakhala yochepa, ndipo mayunitsi ake amalembedwa m'miyezo ina yovuta kuyerekeza ndi ya dokotala. Samayezedwa ngati mankhwala, ndiye zolembedwa pabotolo ndi zili m'katimo zikhoza kusiyana. Choopsa chake nchakuti munthu amaganiza kuti akuchiza vuto pamene akupitiriza kuwonda.

Mwale: Apo tagwirizana. Ndalama zochepazo ziyambe zapita kukayezetsa chimbudzi, mayeso a elastase, enzaimu ina ya kapamba. Zotsatira zikakhala pansi pa 200 ndiye kuti kapamba sakutulutsa ma enzaimu okwanira, pansi pa 100 ndiye kuti vuto ndi lalikulu. Chimbudzi choyezetsacho chikhale cholimbako, chifukwa chamadzi chimatsitsa nambala mwabodza. Koma pa MCT ndikadali pomwe ndinali: amene wayezedwa, akumwa makapisozi moyenera, akudya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku pang'onopang'ono, wasiya mowa ndi fodya, koma akutsikabe, asachite manyazi kugula.

Nabanda: Agule kabotolo kakang'ono, osati ka lita. Adziyeze pa sikelo imodzimodzi kamodzi pamlungu, m'mawa asanadye, alembe kulemera kwake ndi kangati akupita kuchimbudzi patsiku. Pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi manambala akapanda kusintha, asagulenso lachiwiri, apite nalo pepalalo kwa dokotala akakambirane za zakumwa zapadera zowonjezera chakudya kapena kusintha mlingo wa makapisozi.

Gondwe: Ndipo ululu waukulu wa pamwamba pa mimba wolasa kumsana, limodzi ndi kusanza kapena kutentha thupi, umenewo si wa kusintha mafuta. Asiye kudya, apite kuchipatala tsiku lomwelo.