Mashata amkati ndi ma blind a nsungwi ku Senga Bay, mabagala andipanikiza

Kalipentala wa ku Salima:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Pali kantchito kakundisowetsa tulo ndiye ndati ndifunse kaye kuno ndisanadule thabwa olo limodzi. Mayi ena amanga nyumba ku Senga Bay, anakhalitsa kunja, ndiye makatani akuti ayi sakuwafuna, amasunga fumbi komanso dzinja amanunkha chuku. Akufuna mashata amatabwa amkati aja a timatabwa totembenuza pa sitting room, mawindo 3 oyang'ana kunyanja, kenako kuzipinda zogona ndi pakhonde akufuna ma blind a nsungwi kapena bango okoka ndi chingwe. Vuto nali, mawindo ndi achitsulo otsegukira kunja, mabagala anawotcherera mkati ndipo omanga anakankhira felemu chamkati mwa khoma. Kuchoka pa bagala kufika kumaso kwa pulasitala ndapeza 45 mm, pena 38 chifukwa pulasitalayo ndi yokhota, mahandulo nawo atulukira pakati pa mabagala. Windo lililonse 1.8 m mulifupi, 1.2 m mulitali. Ndinavomera kale kuti zitheka ndipo koteshoni akuifuna Lachisanu. Zomwe ndinapangapo ine ndi zitseko za wadirobu zija timatabwa take sitiyenda, izi zotembenuka ndi koyamba.

Wowotcherera wa ku Area 25:
Achimwene dulani mabagalawo ndi grinder muwotcherere kunja basi, malo apezeka okwanira.

Kalipentala wa ku Salima:
Ndinaganizako koma windo likutsegukira kunja, bagala ikakhala kunja ndekuti windo silitsegukanso pokhapokha mupange chikhola chotuluka. Ndiye nyumba apenta kumene, mayiwo sangalole zothetheka pa matailosi awo atsopano.

M'bale wa ku Cape Town:
Ntchito imeneyi ndimagwira tsiku ndi tsiku kuno, kampani yathu ndi ya mashata okhaokha. Mabagala asiyeni, musawakhudze. Tiyeni tiwerenge limodzi muone. Kathabwa kotembenuka kaja masaizi ofala ndi 63 mm ndi 89 mm, ndipo kamazungulira pakati pake. Ngati mbali za chitseko cha shata yanu zili 28 mm kunenepa, ka 63 kakatseguka kamatulukira kumbuyo pafupifupi 18 mm, ka 89 kamatulukira 30 ndi pang'ono. Ndiye 28 kuphatikiza 18 ndi 46 kale, musanasiyeko mpata olo pang'ono, pamene inu muli ndi 38 pamalo ena komanso handulo ili pomwepo. Mkati mwa windo simulowa, olo mutakakamiza kathabwa kazigunda chitsulo tsiku lililonse mpaka kutetemuka.

Chomwe timachita ife pa mawindo otere ndi kumanga felemu pamwamba pa khoma kuzungulira windo lonse, ngati mmene mumaikira architrave, timatabwa tija tozungulira felemu, pachitseko koma yonenepa. Thabwa la 45 ndi 70 mm likukwanirani, lidutse m'mphepete mwa windo mbali zonse. Mukatero mwapeza 38 yanu ija kuphatikiza kunenepa kwa felemu, handulo ikupuma bwinobwino kumbuyo, ndipo kukhota kwa pulasitala kwabisika chifukwa sikweya mukuipanga ndinu pa felemu yanu osati kudalira omanga. Muyeze ma diagonal onse awiri, kuchoka pa ngodya kufika ngodya yopingasa nayo, musanamange masikuluwu, akafanana ndiye mwakhoza.

1.8 m igaweni zitseko 4, ziwiri zopindira kumanja ziwiri kumanzere. Musayerekeze kupanga ziwiri zikuluzikulu za 90 cm, zimalemera, mahinjesi amatopa ndipo timatabwa tatitali timagwa pakati.

Kalipentala wa ku Salima:
Eee apa ndamva bwino achimwene, masamu amenewa ndi omwe amandisowa. Nanga mabowo a timatabwato mumatalikitsa bwanji, ndipo timapini take tozungulirapo kuno ndingatipeze?

M'bale wa ku Cape Town:
Pa 63 mm mabowo atalikirane 51 mm pakati ndi pakati, kuti mukatseka kathabwa kazikwera pa kanzake pang'ono dzuwa lisadutse. Pangani jigi, kachitsulo kafulati kobowola kale, muziboolera mbali zonse ndi jigi yomweyo. Mukamayeza bowo lililonse ndi tepi mukafika pansi mwasokera ndi 3 mm ndipo diso limaona. Timapini timagwiritsa ta nayiloni, sitilemera, paketi yake munthu wobwera pa basi atha kukutengerani m'thumba. Zikakanika dulani masikuluwu a brass muchotse mutu, amagwira ntchito. Koma pa chitseko chilichonse kathabwa kamodzi kapakati mukamange ndi sikuluwu yodutsa kuchokera kunja kwa mbali, ndi imene mumalimbitsa timatabwa tikayamba kugwa tokha pakapita chaka.

Chinanso muwauze mayiwo pasadakhale: kuti atsegule windo lachitsulolo azitsegula kaye shata ndikupisa dzanja pa bagala. Ndiye sofa isatsamire pamenepo, ndipo muone ngati mbali mwa windo mulibe switch kapena soketi pomwe zitseko zizipindikira.

Madala a ku Ndirande:
Zonse wanena mwana wa ku Cape Town ndi zoona koma mwaiwala chachikulu, thabwa. Ine ndayamba kupala matabwa ena a inu musanabadwe ndipo ntchito zambiri zomwe ndaona zikubwezedwa si chifukwa cha muyezo, ndi thabwa laliwisi. Kathabwa ka 10 mm kunenepa kakakhala ndi madzi mkati, dzuwa la m'mawa la kunyanja lija likamenya mbali imodzi kwinaku kuli mthunzi, mwezi sutha kapindika ngati uta ndipo sikatsekanso. Ogulitsa pa msika aliyense amati ndi louma bwana, musamve. Dulani kachidutswa pakati pa thabwa osati kumapeto, mugwire ndi tsaya, likazizira lili ndi madzi. Amene ali ndi kamakina koyezera chinyezi afune cha m'ma 12 peresenti.

Ngati mayiwo akufuna mtundu wa thabwa uzioneka, mlombwa ndiye mfumu pa ntchito iyi, suyendayenda nyengo ikasintha ndipo chiswe sichiukonda. Koma tengani mtima wofiirawo, choyera cha m'mbali chija tayani, chimafumbwa. Mufunsenso mapepala a Forestry kwa okugulitsaniyo, mitengo yachilengedwe siyongodula. Wina akakuuzani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje muthaweni, mtengo umenewo watsala pang'ono kutheratu m'phiri muja ndipo mungalowe nawo m'mavuto. Ngati akufuna zopenta zoyera, musawononge mlombwa, tengani malaina, ndi opepuka, amamwa penti bwino ndipo akauma sapindika, kungoti amachedwa kuuma kwambiri ndiye apezeni omwe anagona kale pa shedi. Paini wa ku Chikangawa ndingaike pa felemu yokha atathiridwa mankhwala, pa timatabwa ayi, mfundo zake zimathyokera pomwepo.

Mukang'amba timatabwato musamange tsiku lomwelo. Tisanjeni ndi timitengo pakati sabata ziwiri, topindika tidzionetsa tokha, ndiye ng'ambani toposa chiwerengero.

Wowotcherera wa ku Area 25:
Chabwino ndagonja pa mabagala. Koma mahinjesi musagule achitsulo wamba, olo nyanja yathu ilibe mchere ngati ku Beira chinyezi chake chimadyabe, dzimbiri lidzatsikira pa thabwa. Brass kapena stainless. Ndipo mabagalawo apakeni penti musanatseke ndi mashata.

Mayi wa makatani, Lilongwe:
Ine ndilankhuleko za nsungwizo poti aliyense wathamangira matabwa. Ndinaikapo ma blind a nsungwi m'nyumba ina ya alendo, ndinagula kwa oluka osafunsa kuti nsungwi anadula liti, patangotha miyezi 4 eni ake anandiimbira kuti pansi pa windo pakumapezeka ufa m'mawa uliwonse. Nditapita ndinapeza timabowo ngati ta singano paliponse, ukagwedeza ufa kuti waa pa bedi. Ndinachotsa onse ndi ndalama zanga. Tizilombo timeneti timatsata chakudya chomwe chili mu nsungwi yanthete, ndiye bambo pitani nokha kwa olukawo mukawauze kuti mukufuna yokhwima ya zaka 3 kapena 4. Akale amaiviika m'madzi masabata angapo kuti kutsekemera kuchoke, zimathandiza ndithu. Ine pano ndimaviika zong'ambang'ambazo sabata yathunthu mu borax wosakaniza ndi boric acid, kilo imodzi ya zosakanizazo pa malita 20, kenako kuyanika pamthunzi. Koma mankhwala amenewa mvula imawatsuka ndiye a pakhonde mupake vanishi pamwamba mbali zonse.

Kuchipinda chogona ndiye mumvetsetse. Nsungwi masana imakongola, iwe uli mkati ukuona kunja wakunja sakukuona. Usiku mukayatsa getsi zimatembenuka, wodutsa panja akuona zonse. Kasitomala sadziwa zimenezi mpaka atagonamo. Muike layiningi kumbuyo, nsalu ya kaliko yochapa kale kuti isadzafupike, kapena ya blackout yosadutsa kuwala ngati zipindazo zayang'ana kuzambwe poti dzuwa la Okutobala masana silichita masewera. Isokedwe payokha yomata ndi velcro kumtunda kuti azichotsa kukachapa.

Chingwe chisalendewere ngati lupu, pakhale kokoloweka pamwamba pomwe mwana safika. Ana amakodwa pakhosi ndi zingwe zimenezi, ine nyumba ya ana aang'ono sindiika popanda chimenecho olo kasitomala akane.

Kalipentala wa ku Salima:
Zikomo kwambiri mayi, za usikuzo sindinaziganize ndi pang'ono pomwe. Nanga bango? Iwo anakonda mphasa ina anaiona pamsewu akuti ikhale ngati imeneyo.

Mayi wa makatani, Lilongwe:
Bango pakhonde lili bwino ndipo ndi lotchipa, likatha asintha osadandaula. Koma mphasa wamba imapindika mbali imodzi yokha ndiye muwauze oluka kuti mabango agone chopingasa, mulifupi mwa windo, apo ayi siikulungika pokoka. Asokere ndi twine ya nayiloni osati chingwe cha khonje, khonje limaola ndi chinyezi. M'nyumba ine bango sindilikonda, limayoyoka tizinyalala.

Madala a ku Ndirande:
Pakhondepo kumbukirani mwera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyo ikamachokera kunyanja chilichonse cholendewera chimamenya chipilala usiku wonse. Pansi pa blind pakhale thabwa lolemerako ndi tingowe tiwiri tomangira kumunsi. Ndipo asakulunge ili yonyowa, chuku chimayambira mkati mwa mpukutu.

M'bale wa ku Cape Town:
Pa koteshoni musaiwale nthawi yanu. Zitseko 12, chilichonse timatabwa pafupifupi 19 kapena 20, ndi toposa 220 tofunika kupala, kuzungulitsa m'mbali, sandipepa, kuboola mbali zonse ndi kupaka musanamange. Mukapaka mutamanga kale vanishi amalowa m'mapini zonse n'kuuma gwa. Amene amatchaja ngati chitseko wamba amalira pakati pa ntchito.

Kalipentala wa ku Salima:
Ndabwerako ku Senga Bay akuluakulu. Ndinapanga kachitsanzo kamodzi ka timatabwa 5 ndi zidutswa za malaina zomwe zinali pa shedi, ndi kachidutswa ka felemu ya 45 ndi 70, ndinakagwirizira pakhoma mayiwo ali pomwepo. Kumbuyo kwa kathabwa ndi handulo kwatsala mpata wolowa chala, sikakugunda. Atatembenuza okha n'kuona kuwala kwa pamadzi kuja kukukwera kudenga m'malo mowalasa m'maso anangoti ndi zimenezi. Asankha zoyera ndiye tipita ndi malaina, mlombwa tausiya. Windo limodzi switch ili 12 cm kuchoka m'mphepete, wamagetsi aisuntha Lolemba. Za usiku ndinawayesera ndi tochi ya foni kuseri kwa kachidutswa ka nsungwi, avomera layiningi ya blackout zipinda ziwiri za kuzambwe, chachitatu kaliko. Pakhonde bango, m'nyumba nsungwi. Ndawauza kuti ntchito itenga masabata 6 chifukwa cha kuyanika ndi kuviika, poyamba anadandaula koma nditawafotokozera za ufa uja wa mayi a ku Lilongwe anati bola zichedwe.

Achimwene a ku Cape Town ndikulemberani ku inbox za timapini, ndikufuna 500 kuti ena akhale apadera. Madala, malaina ndawapeza kwa munthu wina akuti anachekedwa chaka chatha, mawa ndikadula kachidutswa pakati ndikuuzani mmene alili.

Madala a ku Ndirande:
Mutenge la pansi pa mulu, lapamwamba limauma msanga limanamiza.