Nyumba za pa esiteti yakale: tiyikepo sukulu ya asilikali opuma?

Mlembi: Moni nonse. Afumu atipatsa nyumba zitatu zija za pa esiteti yakale ya fodya. Ganizo labwera loti pakhale sukulu ya asilikali athu opuma ntchito, malo akatsala achinyamata alowe. Tiyeni timve maganizo.

Achemwali a ku Boston: Ine ndavomera kale. Kuno pafupi, ku Vermont, kunali Marlboro College. Anaiyambitsa Walter Hendricks mu 1946, pa famu, kuti asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse aphunzirepo. Fizi boma la America linkawalipirira kudzera mu GI Bill, lamulo lothandiza asilikali obwera ku nkhondo. Ophunzira oyambawo anagwira okha nyundo ndi macheka, nyumba za pafamu n'kukhala makalasi ndi mogona. Ankaphunzira mbiri, filosofi, sayansi, nyimbo ndi zolembalemba, ndipo zaka ziwiri zomaliza munthu ankadzisankhira yekha mutu woti azame nawo, mphunzitsi ali pambali pake. Malamulo a pasukulu ankapangira pamsonkhano, wophunzira voti imodzi, mphunzitsi voti imodzi.

Msungichuma: Achemwali, nkhaniyo muimalize. Kolejiyo inatsekedwa mu 2020 ophunzira atachepa, chuma chake n'kupita ku Emerson College. Komanso ife GI Bill tilibe. Nyumba yapakati ija ndinalowamo sabata yatha. Malata anadyeka ndi dzimbiri, mkati mileme yokhayokha, chiswe chamaliza mafelemu a mawindo.

Achemwali a ku Boston: Inatsekedwadi, koma itaphunzitsa anthu zaka zoposa 70. Zimenezo si zochepa.

Sajeni (wopuma): Ana anga, mundilole. Ndalama zanga zopumira ntchito ndinagulira minibasi. Chaka sichinathe, inali pamiyala kuseri kwa nyumba, chifukwa kuwerengera za mafuta, matayala ndi za kondakitala sindinkadziwa. Filosofi ayi, mayi anga. Tipatseni kuwotcherera, ukalipentala, magetsi a sola ndi kasungidwe ka mabuku a bizinesi. Koma zomanga okha zija zandigwira mtima. Anzanga ndiwauza, malatawo tikhoma tokha.

Msungichuma: Ngati manja alipo, mutu wanga wapepukako, bambo. Nanga aphunzitsi tiwalipira chiyani? Ndipo tifunse ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, satifiketi yake ikhale yodziwika.

Mlembi: Kalata ya ku TEVETA ndilemba ine. Loweruka 8 koloko tikumane pa esiteti. A Sajeni mutenge tepi, tiyeze denga la nyumba yapakati.